Kodi dimba la pakhomo limapulumutsadi ndalama?

Mayi wina wa ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe wanditumizira imelo. Akuti amakhala nyumba ya lendi, kuseri kuli kamalo kochepa pakati pa bafa ndi mpanda, ndipo tsiku lililonse amatuma mwana kumsika kukagula masamba, matimati ndi anyezi. Funso lawo ndi lakuti akayamba kudzilimira okha, kodi ndalama ipulumukadi, kapena yonse izingothera ku bilu ya madzi?

Mayi, ipulumuka, koma pokhapokha mutasankha bwino chodzala. Anthu ambiri amene amati dimba la pakhomo ndi kutaya nthawi anayamba ndi matimati, kabichi ndi karoti zonse pakamodzi. Inu yambani ndi ndiwo zamasamba basi. Izi ndi zomwe mumagula tsiku ndi tsiku, zimafota mukazisunga, ndipo pabedi limodzi mumathyola lero, mkuja n'kudzathyolanso, kwa milungu yambiri osadzalanso.

Pa masamba onse, ine ndimaika kholowa patsogolo. Mbewu yake simugula: mumangopempha zingwe za mbatata kwa mnansi, kuzidula zotalika ngati kuchokera pachigongono kufika kuzala, n'kuzikwirira. Akagwira, kholowa sadwaladwala, amapirira mukaiwala kuthirira tsiku limodzi kapena awiri, ndipo mukamamuthyola nsonga m'pamene amaphukira kwambiri. Wachiwiri ndi bonongwe. Njere zake mumapukusa kuchokera ku ngala yokhwima, kuwaza pabedi, ndipo pakatha milungu itatu kapena inayi mwayamba kudya. Mukasiya mitengo iwiri kuti ikhwime, chaka chamawa adzamera yekha. Zimandipweteka kuona anthu a m'tauni akuzula bonongwe ndi chisoso ngati udzu, madzulo ake n'kukagula zomwezo pamsika.

Mpiru, repu ndi chayinizi zimakonda nyengo yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Izi ndiye mugule mbewu ya m'paketi kwa ogulitsa zipangizo za ulimi, mufese pa nazale, ndipo pakapita milungu itatu kapena inayi muokere madzulo dzuwa litapepa, motalikirana masentimita 30. Musafese paketi yonse tsiku limodzi. Fesani pang'ono, pakatha milungu iwiri mufesenso, kuti masamba asakhwimire pamodzi n'kukuchulukirani. Mvula ikayamba, malo omwewo dzalani maungu ndi khobwe kuti muzidya nkhwani ndi chitambe.

Tsopano za matimati, poti ndikudziwa kuti ndiwo amakudyerani ndalama zambiri. Vuto lake ndi ili: nthawi imene matimati amachita bwino pakhomo, m'chilimwe, ndi nthawi yomwenso alimi a ku Ntcheu ndi Dedza amadzaza nawo misika, mtengo n'kutsika. Nthawi imene amakwera mtengo, m'dzinja cha mu Januwale mpaka Malichi, ndi imene amavuta kulima chifukwa chinyezi chimabweretsa chiwawu, masamba n'kuda, zipatso n'kuwolera pamtengo. Kuwonjezera apo pali kambozi kotchedwa Tuta absoluta, kamene kamalowa mkati mwa tsamba ndi mwa chipatso momwe mankhwala opopera amavutika kukafikira, ndiponso akangaude ofiira amene amabwera kukatentha. Mankhwala a zonsezi ndi ndalama, ndipo botolo limodzi ndi lalikulu kwambiri kwa munthu wa mitengo khumi. Chaka choyamba asiyeni matimati. Ngati mtima ukukana, dzalani pwerekete, timatimati ting'onoting'ono tija timamera tokha padzala. Timalimba ku matenda kuposa a m'paketi ndipo timakometsa ndiwo chimodzimodzi. Anyezi wamkulu amatenga miyezi yambiri m'nthaka, choncho pa malo ochepa ndi bwino anyezi wamasamba: mukagula, dulani kumtunda mudye, chitsa chokhala ndi mizu muchibzale.

Nkhawa yanu ya madzi ndi yoona, ndipo apa m'pamene dimba limapindula kapena kuluza. Mukamathirira ndi paipi kuchokera pampopi masana, a Lilongwe Water Board adzakuwerengerani dontho lililonse, phindu lonse n'kupita. Ikani ndowa pakhomo la khitchini. Madzi otsukira mpunga, masamba, nyemba, ndi otsukuluzira mbale komaliza onse azipita mmenemo. Okhala ndi mafuta, mchere wambiri kapena Jik asafike pabedi. Thirirani m'mamawa kapena madzulo, patsinde osati pamasamba. Chachikulu koposa, phimbirani bedi ndi udzu wouma, masamba a mitengo kapena makoko a mtedza. Nthaka yophimbiridwa imasunga chinyezi masiku angapo, pamene ya pamtetete mu Okutobala imauma tsiku lomwelo. M'chilimwe bedi likhale lolowa pansi pang'ono kuti madzi asathawe, m'dzinja likhale lokwera kuti mizu isawole.

Poti muli pa lendi, kambiranani kaye ndi eni nyumba musanakumbe. Akakana, kapena ngati pansi pali simenti, gwiritsani ntchito matumba akale a makilogalamu 50. Sakanizani dothi ndi manyowa, thirani m'thumba, boolani pansi kuti madzi azituluka, ndipo boolaninso m'mbali kuti mudzale mpiru kuzungulira thumba lonse. Mukadzasamuka, munyamula dimba lanu. Ikani matumbawo pamene dzuwa limafika theka la tsiku, kutali ndi ngalande yochokera kubafa ndi kuchimbudzi.

Feteleza musagule. Chichokereni pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera, ndipo kadimba aka sikafuna zimenezo. Zitosi za nkhuku kapena ndowe za mbuzi zikwanira, bola zikhale zowolerana bwino, chifukwa zaziwisi zimawotcha mbewu. Makoko a nthochi ndi mbatata, zotsalira zamasamba ndi phulusa pang'ono muziunjika pakona n'kumakwirira ndi dothi. Nsabwe zikagwira mpiru, sinjani masamba a nimu ndi tsabola, viikani usiku wonse, sefani, onjezerani kasopo pang'ono, n'kuwaza kunsi kwa masamba. Koma mdani woyamba ndi nkhuku za aneba. Zikhoza kumaliza nazale m'mawa umodzi, ndiye tchingani ndi bango kapena matumba musanafese n'komwe.

Masamba akachuluka musawasiye akalambe. Afutseni: awiritseni pang'ono, ayanikeni, asungeni mouma. Mfutso wa nkhwani kapena chitambe wotendera udzakuthandizani mu Okutobala ndi Novembala, pamene madzi amavuta ndipo mpukutu wa pamsika umachepa thupi. Mukandilemberenso mundiuze kuti kuseriko dzuwa limafika nthawi yanji ndi kuchoka nthawi yanji, tione ngati mpiru ungachite bwino pansi kapena ufunika matumba oika kumaso kwa nyumba.