Kodi dokotala wa pathology amangong'amba mitembo?

Adokotala, mwana wanga wamaliza udokotala ndipo akufuna kukaphunzira pathology ku America. Abale akuti ntchito yake n'kung'amba mitembo basi. Mtima wanga suli m'malo. Ndimuletse?
Mayi wa ku Zomba

Mayi, musamuletse. Pathology ndi ntchito yofufuza matenda popima minofu ndi magazi. Kupima mitembo kulipo ndithu, koma ndi kagawo kochepa. Ku America maphunziro ophatikiza anatomic ndi clinical pathology amatenga zaka 4, akugwira ntchito m'chipatala n'kumalandira malipiro, kenako amalemba mayeso a American Board of Pathology.

Mbali ya anatomic ndiyo ndimaikonda ine. Kanyama kakadulidwa pa chotupa kamaviikidwa mu formalin (mankhwala oletsa kuwola), kukutidwa ndi phula, n'kusengedwa mopyapyala kuposa tsitsi. Akakapaka utoto wofiirira ndi wabuluu, amakaika pa galasi n'kukaunika pa maikulosikopu. Ndimakumbukira tsiku loyamba lomwe mphunzitsi wanga anandilozera maselo a khansa ya khomo la chiberekero, osokonekera ngati chimanga chomwazika pabwalo. Mayi mwini kanyamako anali akudikira pa benchi panja, chitenje chili kumutu. Mankhwala ake anayembekezera mawu a pa galasi limenelo.

Mbali ya clinical ndi ya magazi, tizilombo toyambitsa matenda ndi kuonetsetsa kuti magazi opatsa wodwala akugwirizana ndi ake.

Kuno kwathu akatswiriwa ndi ochepa kwambiri, pomwe khansa ya Kaposi ndi Burkitt ikuvutitsa anthu athu. Mumuuze kuti akamaliza tikumufuna ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central.