Chingwe cha nguli sichigulidwa ndi maso okha

Achimwene, mwafunsa kumene timapikula chingwe cha nguli ndi cha yoyo, komanso mmene timachizindikirira. Ndikuuzani, ngakhale ambiri ofunsa chonchi amakathera pogula ulusi wa maukonde ku Senga Bay, n'kumadabwa makolo akubweza katundu.

Nguli yosema ija yomenya ndi mkwapulo musaitayire mpamba, khonje kapena luzi zimakwana. Yovuta ndi ya msomali kunsi, yokulunga n'kuponya. Imeneyo imafuna chingwe cha thonje choluka, chonenepa mamilimita 2 kapena 3. Nguli yaikulu ngati chibakera muidulire mita imodzi ndi theka, yaing'ono mita imodzi. Nayiloni amaterera pa mtengo, ndiye mizere yoyamba ya pa msomali imavuka mwana asanaponye. Chopota chimamasuka akamachikulunga motsutsana ndi mapotedwe ake, masiku awiri chasanduka ndevu. Cha yoyo ndi china: chopyapyala, cha poliyesitala kapena chosakaniza ndi thonje, chopindidwa pakati n'kupotedwa kuti kunsi kutseguke diso lolowetsa yoyoyo. Chimabwera chodulidwa kale, mtolo wa 100. Cha mpukutu sichingalowe m'malo mwake, asakunamizeni.

Ife a kuno ku Salima timakatenga ku msika wa Kariakoo, ku Dar es Salaam, kudzera Nkhotakota, Mzuzu, Karonga ndi Mbeya. Machesi asachoke m'thumba. Dulani kachidutswa, yatsani. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa. Nayiloni amasungunuka n'kuuma ngati mkanda. Wogulitsa akakana kuti muyatse, tulukani.

Koma chimene chimagwetsa anthu ndi mkati mwa mpukutu. Pamwamba amakulungapo chingwe chabwino mamita angapo, pansi pake chowola, cha mfundo zokhazokha, ndipo chipepala cha pakati chimakhala chokhuthala dala poti mumalipira pa kilo. Ena amachisunga ponyowa kuti chilemere. Zimenezi zinandidyera mpamba wa chaka chathunthu, makatoni 6 anafika akuda ndi nkhungu, ukakoka chikuduka ngati ulusi wa kangaude. Mpaka lero fungo la thonje lonyowa limandiwawitsa mtima. Choncho sankhani nokha mpukutu wa pansi pa katoni, wogulitsa aumasule mpaka pakati inu mukuona, muyese chipepalacho pachokha pa sikelo, ndipo katoni imatidwe inu mutaima pomwepo. Salima yense palibe anandibwezera chingwe kuyambira pamene ndinayamba kutero.

Za pa chipata cha m'malire a Tanzania ndi Malawi ndisayambe. Lisiti likangolembedwa mawu amodzi oti chingwe, wa kasitomu wina adzati ndi zida za usodzi, mnzake adzati ndi zidole, aliyense ndi mtengo wake, basi ikukusiyani. Amaboola makatoni ndi mpeni osasamala kuti akudula mpukutu, kupepesa kulibe. Wogulitsa alembe mtundu, kunenepa kwake, makilo ndi mtengo wa kilo, adinde. Mutenge tepi yomatiranso katundu akatha kusecha.

Mukafika nacho kunyanja kuno, musachiike pa simenti kapena kuchitsekera m'pulasitiki, chinyezi chimachimaliza. Chikhale pa thandala, mphepo izipita. Podula, mangani mfundo nsonga zonse ziwiri, chifukwa thonje silimatika ndi moto. Ndipo mufike nacho cha mu Juni, mabwalo atauma. Nthawi ya dzinja nguli siivina m'matope.