Ngati chimanga chimadzipangira chakudya, feteleza ndi wa chiyani?

Mwafunsa kuti ngati n'zoona kuti zomera zimadzipangira zokha chakudya, n'chifukwa chiyani alimi timavutika kugula feteleza chaka ndi chaka. Funso lanu ndi lomveka, pakuti ambiri tinakula tikumva kuti feteleza ndiye chakudya cha mbewu. Komatu gawo lalikulu la chimanga chimene timakolola silichokera m'dothi kapena m'thumba la feteleza. Limachokera mumpweya ndi m'madzi.

Ntchitoyi, imene asayansi amaitcha photosynthesis, imachitikira m'masamba. Mizu imakoka madzi m'nthaka n'kuwakweza mpaka kumasamba, pamene mpweya wa carbon dioxide umalowa kudzera m'timabowo tating'onoting'ono ta pa tsamba, tosaoneka ndi maso. M'kati mwa tsambalo muli chlorophyll, chinthu chimene chimalipatsa mtundu wobiriwira, ndipo ndi chimenechi chimene chimagwira kuwala kwa dzuwa. Mphamvu ya kuwalako imagawa madzi kukhala haidrojeni ndi okosijeni. Okosijeniyo amatuluka kunja, ndipo ndi yemwe ife timapuma, koma haidrojeni amagwiritsidwa ntchito pamodzi ndi carbon dioxide kupanga shuga. Shugayu ndiye chakudya chenicheni cha chomera: wina chimamugwiritsa ntchito usana ndi usiku kuti chikhale ndi moyo, wina chimamangira phesi ndi mizu, ndipo wotsala chimamusunga ngati sitachi m'njere, yemwe pamapeto pake amakhala ufa wathu. Chodabwitsa n'chakuti carbon dioxide ndi wochepa kwambiri mumlengalenga, pafupifupi magawo 4 okha pa 10,000 alionse, komabe ndi mmene mumachokera kaboni (chimodzi mwa zinthu zazikulu zopanga shuga ndi sitachi) wa m'nkhokwe yonse ya chimanga.

Anthu anatenga nthawi yaitali kuti amvetse zimenezi. Jan Baptist van Helmont, wasayansi wa kudera limene lero ndi Belgium, anadzala kamtengo ka willow kolemera makilogalamu oposa 2 pang'ono m'dothi louma lolemera makilogalamu pafupifupi 90, n'kumakathirira madzi okha kwa zaka zisanu. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 1648 iye atamwalira kale, zinaonetsa kuti mtengowo unafika makilogalamu pafupifupi 77, pamene dothi linachepa ndi magalamu osakwana 60. Iye anaganiza kuti kulemera konseko kunachokera m'madzi, ndipo apa anaphonya chifukwa sanawerengere mpweya, koma anasonyeza poyera kuti mtengo sudya dothi. Mu 1779, wasayansi wina, Jan Ingenhousz, anaonetsa kuti masamba obiriwira amatulutsa mpweya wabwino pokhapokha pali kuwala.

Tsono feteleza ntchito yake ndi yotani? Amawonjezera m'nthaka michere imene mizu imakoka, monga nayitirojeni ndi fosifolasi. Chlorophyll sangapangike popanda nayitirojeni ndi maginiziyamu, ndipo mapuloteni amene amayendetsa ntchito yopanga shuga m'tsamba amafunanso nayitirojeni wambiri. Fosifolasi amafunika posamutsa mphamvu m'kati mwa chomera. Feteleza tingamuyerekeze ndi mphika ndi mafuwa, osati ufa: sadyedwa, koma popanda iye kuphika sikuyenda. N'chifukwa chake chimanga chosowa nayitirojeni chimayamba chikasu kumasamba a m'munsi, pakuti chomera chimasamutsa nayitirojeni wochepayo kupita naye kumasamba atsopano. Feteleza wobereketsa wa urea ali ndi nayitirojeni wokwana 46 pa 100 aliyense, ndipo manyowa kapena mbewu za mtundu wa nyemba monga nandolo ndi mtedza zimathandiza pa vuto lomweli.

Kumvetsa izi kumalongosolanso chifukwa chimene feteleza sapulumutsa munda pa nthawi ya ng'amba. Madzi akasowa, chimanga chimapinda masamba ndi kutseka timabowo tija kuti chisaume, koma potero chimatsekeranso carbon dioxide kunja, ndipo kupanga shuga kumachepa ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Zikachitika pamene chimanga chikumasula ndi kutulutsa ndevu, zokolola zimatsika kwambiri. Pa chifukwa chomwechi, ine sindigwirizana ndi chizolowezi chothyola masamba obiriwira kapena kudula nsonga za chimanga kuti zikhale chakudya cha ziweto njere zisanakhwime, pakuti masamba oyandikana ndi chisononkho komanso a pamwamba pake ndiwo amapereka shuga wambiri wodzaza njerezo. Kuchedwa kupalira nakonso kumapweteka, chifukwa udzu umalanda madzi ndi nayitirojeni, ndipo ukakula kuposa mbewu zanthete umazitchingiranso kuwala.