Mugulireni nkhani zifupizifupi 12 zoyambirira za Sherlock Holmes

Achemwali, mwati mnyamata wanu wa Fomu 3 amakonda nkhani zofufuza milandu koma buku likatalika amalisiyira panjira, ndiye mukufunsa loti mumugulire. Mupezereni The Adventures of Sherlock Holmes, lolembedwa ndi Arthur Conan Doyle. Linatuluka mu 1892 ndipo muli nkhani 12 za Holmes, katswiri wofufuza milandu. Poyamba zinkatuluka imodziimodzi mwezi uliwonse m'magazini ya The Strand ku London, n'chifukwa chake iliyonse imathera payokha. Madzulo amodzi amakwana kumaliza imodzi.

Chimene ndimazikondera n'chakuti wolemba amakuikirani umboni pamaso. Mu "The Speckled Band" amakulowetsani m'chipinda chimene munkagona mtsikana wina amene anafa mosadziwika bwino. Bedi ndi lokhomerera pansi, silisuntha. Pambali pake pakulendewera chingwe cha belu, koma mukachikoka palibe chikulira. Pamwamba pali kabowo kolowetsa mpweya, koma m'malo moloza panja kakuloza m'chipinda china. Watson, mnzake wa Holmes amene akusimba nkhaniyo, waziona zonsezi. Inunso mwaziona. Wozilumikiza ndi Holmes yekha, ndipo akafotokoza mumangogwira pakamwa. Ine ndinaiwerenga pa nyali ya koloboyi, ndipo usiku umenewo tulo tinandivuta.

Doyle anali dokotala. Ku yunivesite ya Edinburgh, ku Scotland, anaphunzitsidwa ndi Joseph Bell, amene ankatha kudziwa ntchito ya wodwala pongomuyang'ana manja, zovala ndi kayendedwe. Maso a Holmes anachokera pamenepo. Mu "The Red-Headed League" Holmes amagogoda pashopu ngati akufunsa njira, pomwe akufuna kuona mawondo a thalauzi la wantchito.

Ndisakunamizeni, Chingerezi chake ndi chakale, muli ngolo za akavalo ndi ndalama za mashiling'i. Muuzeni asamaime pa liwu lililonse, masamba angapo akadutsa azolowera. Ndalama zikavuta, bukuli lili pa intaneti laulere, pa webusaiti ya Project Gutenberg, angathe kuwerengera pafoni.

Pempho langa ndi limodzi. Akafika pamene Holmes akufuna kuulula, atseke buku kaye, akuuzeni amene akumuganizira ndi chifukwa chake, kenako atsegule. Akazimaliza musadandaule, nkhani zifupizifupi za Holmes zonse pamodzi zilipo 56, ndipo buku lotsatira ndi The Memoirs of Sherlock Holmes.