Kodi njinga yanga ya kaunjika ikakwera zitunda za ku Dzalanyama?

FUNSO: Ndine bambo wa zaka 41, ndimakhala ku Area 25 ndipo ndimapalasa njinga tsiku lililonse popita kuntchito ku Kanengo. Anzanga akutchalitchi akonza ulendo wa njinga wa gulu, makilomita 60, kuchokera ku Likuni kudzera ku Malingunde kulowera ku Dzalanyama, mbali yaikulu m'misewu yafumbi. Njinga yanga ndi ya kaunjika, koma ya magiya. Kodi ndikakwanitsa, kapena ndikangodzichititsa manyazi?

YANKHO: Mukakwanitsa bambo, miyendo muli nayo kale. Chimene mulibe ndi chizolowezi cha fumbi, chifukwa tala wa ku Kanengo amanamiza.

Ine ulendo wanga woyamba wotere ndinapopa matayala mpaka kulimba ngati mwala, poganiza kuti ndidzathamanga. Njinga inkangodumphadumpha pa nsangalabwi, manja anachita dzanzi, ndipo potsetsereka pena tayala lakutsogolo linaterereka, ine khu! m'munda wa mbatata. Ana amene ankadyetsa mbuzi pafupi anaseka mpaka kugwira m'mimba. Choncho phwetsaniko mpweya pang'ono, kuti mukasindikiza ndi chala chachikulu tayala lizivomera. Likatero limagwira nthaka. Koma musaonjeze, chifukwa mukagunda mwala limu imatsina chubu n'kuboola mabowo awiri nthawi imodzi.

Pa chitunda, sinthani giya musanayambe kulemedwa. Mukadikira mpaka miyendo itauma, tcheni chimalira, nthawi zina kuduka kumene. Ndipo khalani pa chishalo. Pa tala timaimirira pokwera, koma pa fumbi mukaimirira tayala lakumbuyo limapepukidwa n'kumangozungulira pamalo amodzi. Chitunda chikakula, tsikani mukankhe. Palibe amene adzakulembeni m'kaundula.

Chimene chimandiopsa ine ndi potsetsereka. Kokerani thupi kumbuyo, gwirani mabuleki onse awiri mofatsa musanafike pokhota, osati muli pakati pake. Mukaona mchenga, musakhotetse mahandulo, pitirizani kupalasa molunjika. Siyaninso mpata pakati pa inu ndi wakutsogolo: fumbi lake limabisa maenje, komanso ngolo ya ng'ombe siimba belu.

M'gulu lililonse mumakhala anyamata amene amanyamuka ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Asiyeni apite. Ambiri mudzawapeza pa kilomita ya 40 atakhala pansi pa mtengo wa mango, akufunsa ngati muli ndi madzi.

Tengani mabotolo awiri a madzi, nthochi, mtedza wokazinga, ndipo muzidya musanamve njala. Thobwa wa pamsika ndi wabwino, bola musadzaze mimba chitunda chili patsogolo. Chubu chapadera, pampu, zigamba, guluu ndi sipanala zikhale m'chikwama chanu, osati cha mnzanu amene ali makilomita asanu kutsogolo. Chipewa choteteza mutu ndiye sindikambirana nanu.

Ngati tsiku silinakhazikitsidwe, auzeni anzanuwo asankhe June kapena July, kukuzizira, ndipo munyamuke mbandakucha. Dzuwa la October pa msewu umenewo ndi nkhani ina. Masabata atatu ulendo usanachitike, Loweruka lililonse kayeseni makilomita 30 pa fumbi, ndipo mukapite nayo njingayo kwa amakanika aone mabuleki ndi masipoko.