Rada ikamawala ngati nkhata: kusintha TM01 kukhala TE11

Funso: Ndikuphunzira za rada zamphamvu kwambiri. Ndamva kuti mafunde a TM01 akatuluka mu antena, pakati pamakhala popanda kanthu. Kodi chosinthira mode chimapangidwa bwanji kuti chizigwira bwino ngakhale frequency isinthe? *Wophunzira uinjiniya wa zamagetsi*

Yankho: Mwamva zoona. TM01 ndi TE11 ndi ma mode, kutanthauza maonekedwe osiyanasiyana a mafunde akamayenda m'paipi yachitsulo yowatsogolera (waveguide). Makina opanga mafunde amphamvu, monga relativistic BWO (backward-wave oscillator, chubu chopanga mafunde ndi ma electron othamanga kwambiri), amatulutsa TM01 chifukwa mkati mwawo ndi mozungulira mofanana mbali zonse. Mukalumikiza paipi yotereyi ku horn (antena yooneka ngati lipenga) mwachindunji, mphamvu imamwazika ngati nkhata, ndipo pomwe mwalozetsa rada ndi pomwe pamakhala mdima. TE11 ndiyo imaunjika mphamvu pakati.

Yambani ndi kukula kwa paipi. Pa 10 GHz, TM01 imadutsa pokhapokha radius ikaposa 11.5 mm, ndipo TE21, mode yosafunika, imayamba kudutsa pa 14.6 mm. Mwina mungaganize zongosankha 13 mm kuti ma mode osafunikawo atsekeredwe kunja. Pa mphamvu yochepa zimenezo n'zabwino ndithu, koma pa mamegawati mazanamazana kapaipi kotere sikangapirire. Mpweya wamba umathetheka moto pa 30 kV pa sentimita, choncho mumakuza paipi n'kupopamo mpweya wonse, kapena kudzazamo SF6, mpweya wosathetheka moto msanga. Kukuzako ndiye kumaitana alendo osawafuna.

Titenge radius ya 20 mm. TE11 imayamba kudutsa pa 4.39 GHz, TM01 pa 5.74, TE21 pa 7.29, TM11 pa 9.14. Zonsezi zili ndi njira pa 10 GHz. Paipi ikapindika, mphamvu imachoka ku TM01 kupita ku TE11, koma ina imatayikira ku TE21 ndi TM11.

Chinsinsi chagona apa: TE11 ndi TM01 siziyenda mofanana m'paipi. Pa 10 GHz, phase constant (mmene funde limasinthira pa mita iliyonse) ya TE11 ndi pafupifupi 188 rad/m, ya TM01 ndi 171.5. Gawani 2π ndi kusiyana kwa ziwirizi, mupeza 38 cm, womwe ndi mtunda umene zimatenga kuti zikumanenso mofanana. Mukapinda paipi mbali imodzi yokha kwa nthawi yaitali, mphamvu yomwe inapita ku TE11 imayamba kubwerera. N'chifukwa chake timapinda mbali ina, kenako mbali inayo, ngati chilembo S, kuti zomwe tasonkhanitsa zisathawe.

Tsopano vuto la funso lanu. Pa 9.5 GHz mtunda uja ndi 35 cm, pa 10.5 GHz ndi 40 cm. Chitsulo sichitalika kapena kufupika potsatira frequency. Paipi yokhotakhota kambirimbiri imapereka TE11 yoyera, koma kulakwika kumaunjikana pa khoto lililonse, ndiye imagwira bwino pa ma frequency ochepa okha. Kwa rada, ife timakonda makhoto awiri okha, opindika kwambiri, ngakhale kuwakonza kumavuta. Kumbukirani kuti pulse ya 5 ns imafuna pafupifupi 200 MHz, komanso frequency ya gwero (makina opanga mafunde aja) imasuntha voteji ikasintha. Werengetsani kaye ndi coupled-mode equations, masamu osonyeza mmene ma mode amapatsirana mphamvu, kenako tsimikizani mu mapulogalamu a kompyuta a CST kapena HFSS, mukuyang'ana pomwe electric field yakwera kwambiri.

Funso: Pa kompyuta zonse zili bwino, nanga n'chifukwa chiyani pulse imaduka msanga chipangizo chikayesedwa ndi mphamvu yonse? *Katswiri wokonza zipangizo*

Yankho: Kawirikawiri ndi kuthetheka kwa moto mkati. Tsegulani muone ma flange, pomwe mapaipi amalumikizirana. Kampata kochepa, kanthongo kotsala powotcherera, kapena mafuta a zala, zonsezi zimatulutsa ma electron, plasma (mpweya wodutsa magetsi) n'kubadwa, ndipo plasmayo imameza kapena kubweza mafunde. Mudzapeza timadontho takuda kapena timaenje pachitsulo. Salazani m'mphepete monse mokuthwa, tsukani bwino, ndipo kwezani mphamvu pang'onopang'ono. Onaninso zenera lotsekera kukamwa kwa horn, chifukwa moto umakonda kuyenda pamwamba pake. Likuzeni kuti mphamvu imwazike.

Musanayatse gwero, yezani chosinthiracho ndi vector network analyser (chida choyezera mafunde odutsa ndi obwerera) pa mphamvu yochepa, pogwiritsa ntchito choyambitsira TM01 chomwe mwachiyeza kale pachokha. Ndipo poyatsa, munthu aliyense akhale kuseri kwa chotchinga, pakuti makina amenewa amatulutsanso X-ray.