Za mafuta a dzuwa a mwana

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko ku Nsanje? Ndamva funso lanu, pepani netiweki ya kuno ku Ngabu mukuidziwa. Mwati mwaona kanema wonena kuti m'mafuta oteteza khungu ku dzuwa muli mankhwala oopsa, ndiye mukufuna kusiya kumudzoza mwana wathu wachialubino uja. Chonde musasiye.

Mankhwala akunenawo ndi oxybenzone, pamabotolo ena amalemba benzophenone-3. Ndi opangidwa kufakitale, ntchito yake ndi kumwa mphamvu ya dzuwa ija imawotcha khungu. Kanemayo sananame zonse ayi. Mu 2019 ndi 2020 bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linayeza anthu odzola mafutawa, n'kupeza kuti mankhwalawa amalowadi m'magazi. Komatu a FDA omwewo sanauze anthu kuti asiye kudzola, anangoti nkhaniyi ifufuzidwe bwino. Zoti ku Hawaii, zilumba za ku America komweko, anawaletsa kugulitsa kuyambira 2021 n'zoona, koma iwo ankadandaula za zamoyo za m'nyanja yawo. Chimene mungamuyang'anitsitse mwana ndi kuyabwa kapena totupa, chifukwa anthu ena mankhwalawa sawayanja.

Tsono alamu, taganizirani dzuwa lathu lino la kuchigwa, la mu Okutobala lija loti ngakhale mbuzi zimathawira pansi pa ngolo. Mwana wachialubino khungu lake lilibe chomutchinjiriza, ndipo khansa ya pakhungu ndi imene ikutenga anzake ambiri adakali achinyamata. Imayamba ngati kachilonda kosapola, pamlomo, pakhutu, kumbuyo kwa khosi. Ine chimene chimandisowetsa tulo ndi chimenecho, kuposa oxybenzone.

Ngati mtima sukukhazikikabe, funani mafuta olembedwa zinc oxide kapena titanium dioxide. Amenewo a FDA anati alibe vuto, kungoti amasiya khungu ngati mwapaka ufa, mwana asachite nazo manyazi. Akhale a SPF 30 kupita m'mwamba (SPF ndi nambala ya pabotolo yosonyeza mphamvu yake yotchinjiriza ku dzuwa), 50 ndiye bwino kwambiri. Muzimudzoza m'mawa asanapite kusukulu, akakhala panja abwereze pakatha maola awiri, poti thukuta la kwathu kuno limatsuka zonse. Chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali asaziiwale. Akatha mafutawo kafunseni kuchipatala cha boma, akakhalapo amapereka ulere kwa anthu achialubino.

Panopa jambulani kumbuyo kwa botolo muli nalolo, mutumize pagulu pompano ndikuwerengereni. Amayi muwapatse moni.